Mapiritsi Ako Sabwezedwa Ngati Swala

Hawa mwana wanga,

Asalamu aleikumu. Ndakhala kuseri kuno, pafupi ndi thandala la usipa, chifukwa m'nyumbamo mulibe poponda. Alendo a ukwati wako adzaza mpaka pakhonde, azakhali ako a Mwanaisha akulamula aliyense ngati nyumbayi adamanga ndi iwo, ndipo iwe ukangondiona ndikutsegula pakamwa, umanyamula ndowa n'kuthawira kunyanja. Chabwino. Wakana kundimva ndi makutu, ndiye undimva ndi maso. Zilembo zanga ndi za kusukulu ya kwacha, zokhotakhota, koma uwerenga basi. Nika, ukwati wa kumzikiti, yamangidwa, ndiwe mkazi wa mwini tsopano, ndipo mawa m'mawa ukwera matola ndi amuna ako a Idrisa kupita ku Dwangwa. Sindikufuna ukwere usanamve chimene chanditupitsa mtima lero.

M'mawa uno ndimalongedza sutikesi yako. Pansi penipeni, m'kati mwa mpango wakale umene suvalanso, ndapeza botolo la mapiritsi ako a khunyu. Lodzaza, Hawa! Lodzaza ngati talitenga dzulo, chonsecho tidakalitenga limodzi mwezi utangoyamba. Nditakuitanira kuchipinda n'kukufunsa, wandiyankha maso ali pa hina, utoto wa ukwati wa m'manja mwako: "Amayi musadandaule, ndangoimitsa kaye chifukwa cha ukwatiwu. Amandipatsa tulo, ndiye sindimafuna anthu azindiona ndikusinza pampando wa mkwatibwi. Ndikakafika ku Dwangwa ndikabweza onse amene ndadumphitsa." Watero n'kutuluka. Ine ndangokhala pabedi. Ukabweza? Iwe mwana iwe, ukabweza chiyani? Mawu amenewo ndi amene adatsala pang'ono kukuika m'manda uli wamng'ono, ndipo adatuluka pakamwa panga ine. Nkhaniyi umaidziwa, mpaka umaiseka. Lero uimve bwinobwino, osaseka.

Udayamba kugwa uli mu Sitandade 1, malungo aakulu aja atangokusiya. Tidazungulira nawe, mwana wanga. Zithumwa zidadzaza m'chiuno, mizu ya asing'anga a ku Mwadzama idangokutsegula m'mimba, nkhuku zanga zidathera m'manja mwa anthu, koma kugwa osaleka. Potsiriza tidapita kwa adokotala a dazi aja a pachipatala chathu chaching'onochi, amene mpaka lero amakuitana kuti "kamtsikana kanga". Adandipatsa timapiritsi toyera, tating'ono ngati njere za mapira. Ine ndidayang'ana n'kunena mumtima kuti koma zoona tinthu iti tingathe matenda amene alephera akuluakulu? Iwo adaona nkhope yanga. Adati: "Mayi, musatidelere. Mankhwala awa sali ngati panado. Mukachepetsa, mwana agwa. Mukachulutsa, mwana agona osadzuka. Pakati pa ziwirizi mpata wake ndi wochepa kwambiri, ndiye muziyenda momwe ndakuuzirani." Ndidavomera ndi mutu, "eya adokotala, eya adokotala," koma zidalowera khutu ili n'kutulukira linali. Chomwe ndidasunga n'chakuti umwe m'mawa ndi madzulo, basi.

Udasiya kugwa. Tidapuma. Kenaka kudabwera dzinja lija mtsinje wa Bua udasefukira n'kutseka njira zonse. Mapiritsi adatha madzi asanaphwe, ndipo kunalibe wowoloka. Udakhala masiku angapo osamwa, n'kugwa kawiri, kamodzi pamphasa, kamodzi pabwalo mvula ikugwa. Madzi ataphwa bambo ako adakwera njinga n'kukatenga ena. Tsono tamvera nzeru za mayi ako. Ndidakhala pansi n'kuganiza kuti, kodi swala, pemphero lathu la pa nthawi yake, ikandidutsa ndili paulendo sindibweza? Ndimabweza. Masiku a Ramazani amene ndasiya chifukwa cha kumwezi sindibweza? Ndimabweza. Ndiye mankhwala amene mwana wanga sadamwe, ndiwasiyirenji? Ndidaona ngati ndikuchita chinthu cholungama, chinthu cha munthu woopa Mulungu. Ndidawerenga onse amene udaphonya, ndidawasinja ndi supuni, n'kuthira m'phala lako la m'mawa, ndi shuga wambiri kuti usamve kuwawa. Udamwa lonse, mpaka kunyambita mbale.

Poyamba udayamba kuseka popanda choseketsa, lilime likulemera. Udanyamuka n'kumadzandira ngati anyamata a kumowa, ine n'kumakukalipira kuti usiye masewera. Kenaka udagona pakhonde dzuwa lili pamutu. Ndidati mwana watopa, ndimusiye. Nditabwera kuchokera kumunda wa mpunga ndidakupeza momwe ndidakusiyira, ntchentche zikutera pamilomo osazipirikitsa. Ndidakugwedeza, zii. Ndidakutsina, zii. Ndidakuthira madzi kumaso, osaphethira n'komwe. Mpweya unkatuluka patalipatali, moti ndinkachita kuika tsaya langa pamphuno pako kuti ndimve. Mayo ine! Ndidakuwa mpaka anthu adatuluka m'nyumba. Bambo ako adakumangirira kumsana ndi chitenje changa ngati khanda, n'kupalasa njinga m'matope, ine ndikuthamanga pambuyo opanda mpango kumutu. Adokotala a dazi atamva chimene ndidachita adagwira mutu ndi manja onse. "Mayi, mumafuna kumuchiza kapena kumuika? Tsiku limene ladutsa ladutsa. Thupi silisunga malo a mankhwala adzulo." Adakutumiza kuchipatala cha ku boma, ndipo kumeneko udagona ndi diripi, ine nditakhala pansi pa bedi, mpaka udatsegula maso n'kupempha madzi. Umati ukaifotokoza nkhaniyi kwa anzako, umati "amayi adandiledzeretsa ndi phala". Ine sindidasekepo.

Ndiye lero, iwe wamkulu, wophunzira mpaka Folomu 2, woti umandiwerengera zolemba za pa jumbo ya mankhwala, ukubwera ndi nzeru zomwezija za mbuli ine? Astaghafirullah! Ine adandiuza, koma ndi umbuli wanga sindidamvetse. Iwe uli ndi chifukwa chanji? Tamvera, ndipo ndibwerezanso mpaka utope nane: mapiritsi ako sabwezedwa. Swala umabweza, swaumu, kusala kudya kwa Ramazani, umabweza, mapiritsi ayi. Ukaphonya waphonya. Umwe a nthawi imene yafikayo pa mlingo wake, osawonjezera ngakhale kamodzi, ndipo ngati waphonya masiku ambiri upite kuchipatala ukanene chilungamo. Akakukalipira, akukalipire. Kukalipiridwa sikupha munthu.

Usaganize kuti nditaphunzira pamenepo ndidachenjera. Ayi, ndidangosamukira mbali ina ya uchitsiru. Chichokereni kuchipatala kuja ndidayamba kuwaopa mapiritsi aja ngati njoka. Azakhali ako omwewa a Mwanaisha adabwera n'kumati, "Mlamu, mankhwala achizunguwa amupusitsa mwanayu, taonani akusinza m'kalasi. Bwanji muzimupatsa pang'ono?" Ine poti mantha adali kale mumtima, ndidamvera. Ndidayamba kudula piritsi pakati ndi lezala, theka m'mawa, theka madzulo, osauza adokotala, osauza bambo ako. Kwa kanthawi zidaoneka ngati zikuyenda. Udachangamuka, unkathamanga, ine n'kumadzitama mumtima kuti ndapeza mlingo woposa wa kuchipatala.

Tsiku lija ndinkawamba kampango pa uvuni kuseri kuno, pomwe ndakhala pano, ukulikumbuka? Sungalikumbuke, iwe sukumbuka chilichonse ukagwa, ndipo vuto lako lonse lagona pamenepo. Ndidakutuma kuti usonkhezere nkhuni. Ndidangomva kakulira kaja umalira ukamayamba, potembenuka n'kuona ukugwera chamutu pakamwa pa uvuni. Panali amayi atatu ogula nsomba pamenepo. Palibe adasuntha, Hawa. Adabwerera m'mbuyo, wina mpaka kutseka pamphuno ndi chitenje, poti anthu amati ukakhudza thovu la munthu wa khunyu nawenso utenga. Ine ndidalowetsa mkono m'moto n'kukukoka. Iwe udapsa pang'ono paphewa, pomwe umabisa ndi bulauzi. Ine mkono wamanja kuyambira padzanja mpaka pachigongono, ndipo mpaka lero sutambasuka bwino, n'chifukwa chake zilembozi zikupendekera chonchi. Adokotala a dazi nthawi imeneyo sadakalipe n'komwe. Adangondimanga bala mwakachetechete, kenaka n'kufunsa, "Mwakhala mukumupatsa angati?" Ndidalakalaka nthaka itang'ambika.

Waona tsono? Ndidachulutsa, udatsala pang'ono kufa m'tulo. Ndidachepetsa, udatsala pang'ono kufa pamoto. Zili ngati kanjira kaja ka m'dambo pakati pa minda ya mpunga, uku madzi uku madzi, koyenda phazi limodzi kutsogolo kwa linzake. Mbali zonse ziwiri ndidagwerako ine, ndili nawe kumsana. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyenda pakati, chaka ndi chaka, m'mawa ndi madzulo, ndikukuimirira ndi kapu ya madzi ngakhale unkandinyogodola. Zaka zonsezi sudagwe. Ndiye iwe wati poti sukugwa ndiye kuti wachira? Sukugwa chifukwa ukumwa, mwana wopusa iwe! Ndipo lero, chifukwa chofuna kuoneka wa maso owala pa zithunzi za ukwati, wafuna kugwera mbali zonse ziwiri paulendo umodzi: wayamba ndi kusiya, ukamalize ndi kubweza. Ngakhale ine sindidafikepo pamenepo.

Lero nditachoka kuchipinda kuja sindinadye. Ndasiya alendo, ndavala mpango, ndapita kuchipatala. Adokotala akalamba, koma dazi ndi lomwe lija, ndipo agwiranso mutu ndi manja onse ngati kale. Mawu awo ndi awa, ndipo si anga, ndiye usanditsutse. Uyambirenso lero madzulo, pa mlingo wako wa masiku onse, osawonjezera. Ukafika ku Dwangwa upite kuchipatala ndi khadi lako sabata yomweyi, ukawauze kuti udasiya ndipo wayambiranso. Ndipo ati masiku akubwerawa ndi oopsa, chifukwa mankhwala atha m'thupi ndipo satenga tsiku limodzi kuti akhazikikenso. Usakhale wekha pamoto, usakhale wekha pamadzi. Pamadzi, Hawa! Ndipo iwe tsiku lonse wakhala ukundithawira kuti? Ukuganiza kuti ndakhalira pa thandala pano chifukwa ndimakonda fungo la usipa? Pano ndi pomwe ndikuona bwino pamene ukutunga. Ndikulemba mzere umodzi, n'kukweza maso, mzere wina, n'kukwezanso maso. Wapitako kanayi. Mitsuko yonse yadzaza kalekale, ukungotayira madzi pansi.

Tsono za bambo ako, poti nawonso ali ndi gawo lawo. Bambo ako ndi munthu wabwino, koma pa mankhwala mutu wawo umati chimene chathandiza chimodzi, ziwiri zithandiza msanga. Chaka china dzino lidawavuta, osagona. Adaona kuti mapiritsi ako amabweretsa tulo, ndiye adatapa m'botolo osandiuza, n'kumwa angapo nthawi imodzi, ati poti iwo ndi aakulu thupi. Kutacha adakakamira kupita panyanja, akuyenda ngati nkhuku yachitopa. Anzawo adawapeza bwato likungoyandama cha ku Ngala, iwo ali gada m'kati, nkhafi itapita ndi madzi, akuliza mkonono. Adachita kuwakoka ndi chingwe. Anthu adaseka mwezi wathunthu, mpaka lero ena amawaitana kuti a Mkonono. Koma mphepo ikadatembenuka tsiku limenelo bwenzi ndili wamasiye, ndipo mwezi umenewo mapiritsi ako adaperewera. Ndikukuuza izi chifukwa kumalaini, kunyumba za antchito a kampani ya amuna ako kumene ukupitako, anthu amabwerekana chilichonse, mchere, machesi, sefa, mpaka mankhwala. Adzabwera wina wakuti sakugona, wina wakuti mwana wake akukomoka ndi malungo. Udzamva chisoni, ndimakudziwa. Ukane. Mlingo umenewo adayezera thupi lako, ndipo umene ukukusunga iwe ukhoza kupha mwana wa mnzako. Botolo uziika pamwamba, pomwe ana safikira.

Chinanso, ndipo apa ndiye ndikuuze ndi mawu okweza. Chibwerereni matipate aliyense wasanduka dokotala. Ufulu, eti? Pamsika pathu pompa mnyamata amene dzana ankagulitsa zitumbuwa lero wayala mapiritsi pa thireyi, ofiira, achikasu, oyera, ali padzuwa tsiku lonse ngati usipa, ndipo amakuuza ndi nkhope youma kuti awa ndi a chakuti, mumwe angati. Ku Dwangwa ndamva kuti ndiye kwadzaza, makamaka anthu akalandira malipiro. Tsiku lina mapiritsi adzakuthera, kuchipatala kudzakhala mzere wautali, ndipo udzaona toyera tating'ono pa thireyi tofanana ndi tako. Usagule. Kufanana khungu si kufanana mphamvu. Ukukumbuka chaka chija kuchipatala adasintha, n'kutipatsa ena ooneka ngati omwewo, koma adokotala n'kutiuza kuti awa ndi amphamvu kuwirikiza, ndiye m'malo mwa awiri uzimwa limodzi? Ndikadapanda kufunsa tsiku limenelo, n'kungopitiriza kuwerenga awiri monga mwa chizolowezi, bwenzi tidabwereranso ku diripi. Ndiye nthawi iliyonse ukalandira, funsa: "Awa ndi omwe aja? Ndizimwa angati?" Ngakhale wopereka mankhwalayo akhale wamwano, ngakhale a pambuyo pako azing'ung'udza, funsa. Ndipo usamadikire kuti botolo lichite kugogoda pansi, uzipita akadalipo.

Ukadwala china, chifuwa kaya malungo, uziwauza a kuchipatala kuti umamwa mankhwala a khunyu asanakulembere ena. Pali mankhwala ena a chimfine obweretsa tulo amene akakumana ndi ako m'thupi amathandizana kukugwetsa. Ndipo Mulungu akakupatsa pathupi, Insha Allah, usachite zimene amachita atsikana, kubisa mpaka mimba ionekere. Azimayi adzakuuza kuti usiye mapiritsi, awononga mwana. Ena adzati uwonjezere poti tsopano muli awiri. Onsewo uwayankhe mwaulemu kuti zikomo, kenaka upite kuchipatala msangamsanga ukafunse eni ake a ntchito. Kusintha mlingo si ntchito yako, si ya apongozi ako, si ya azakhali ako, ndipo wamva kale kuti si yanga.

Ramazani yayandikira, ndipo ikupeza uli mtengwa watsopano. Apa ndiye pandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndikudziwa mtima wako wofuna kuyamikiridwa. Udzafuna kuti apongozi ako akabwera adzaone mkazi wofunga swaumu bwino, wodzuka kuphika daku, chakudya cha m'bandakucha, wosadandaula. Kuno ndinkakudzutsa ndine, kapu ya madzi m'manja, kuti umwe a m'mawa pa daku kusanache, a madzulo utafutulu dzuwa litalowa, monga adatikonzera adokotala. Kumeneko adzakudzutsa ndani? Tsiku lina udzagonereza, udzadzidzimuka adhana ya subuhi, kuitanira swala ya m'bandakucha, ikumveka, nthawi yodya yatha. Ndiye mutu wakowo udzati, palibe kanthu, ndimwa onse pamodzi madzulo. Ayi! Ndakana! Tsiku limenelo umwe mapiritsi ako m'mawa momwemo, swaumu ya tsikulo udzabweze pambuyo pa Idi. Ndidawafunsa ashehe a pamzikiti wathu kalekale, uli mtsikana, ndipo adandiuza mosazungulira kuti wodwala ali ndi chilolezo, ndipo kudzivulaza dala si kupembedza. Tsiku la swaumu lidzakudikira mpaka udzalibweze. Mapiritsi a m'mawa sadikira madzulo. Ukasokoneza ziwirizi ndiye kuti kalata yonseyi ndalembera mbuzi.

Tsopano ndifike pa chimene ukuthawa, chimene chakuchititsa kukulunga botolo mu mpango ngati katundu wakuba. A Idrisa sakudziwa. Atabwera akwawo kudzafunsira mbeta, azakhali ako adatikhazika pansi n'kunena kuti, "Nkhani ya kugwayi isatuluke. Mwanayu adasiya kalekale, mukanena mwamuna athawa, ndipo mudzamusunga mpaka imvi." Bambo ako adayang'ana pansi. Ine ndidakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko ndi uchitsiru wanga wachitatu, wa chaka chino chomwe, woti sindinganamizire ubwana. Anankungwi akulangiza masiku onsewa, za kuchipinda, za madzi osamba, za ulemu kwa apongozi, zonse. Za botolo palibe watchulapo. Tonse takhala tikuvina mozungulira chinthu chimodzi chokhacho chimene chingakuphe.

Taganiza bwino, Hawa. Ukabisa matenda, ubisanso mankhwala. Ukabisa mankhwala, uzimwa mobisalira, pomwe amuna ako atuluka, pomwe alendo apita, nthawi zosiyanasiyana, tsiku lina osamwa n'komwe poti sadachoke pakhomo. Kenaka uziti ndibweza. Waona pomwe zikuthera? Ndipo chimene sukuchimvetsa n'chakuti mbali zonse ziwiri za kanjira kaja iwe sungadzione wekha. Ukagwa sudziwa kuti wagwa. Ukagona tulo ta mankhwala sudziwa kuti ukumira. Amaona ndi munthu wina. A Idrisa akabwera kuchokera ku shifiti n'kukupeza uli m'tulo masana, lilime lolemera, adzati mkazi wanga watopa, ndimusiye apume, monga ndidanenera ine tsiku la phala lija. Adzakufunditsa bwinobwino n'kutseka chitseko mwakachetechete kuti asakudzutse. Ukagwa pambaula, azimayi a kumalaini, anthu osakudziwa, ochokera m'maboma osiyanasiyana, adzabwerera m'mbuyo n'kutseka pamphuno. Amuna ako akakhala kuti adauzidwa, adzadziwa kuti thovu silipatsira, kuti akuchotse pamoto, akugoneke chammbali, asakuike supuni m'kamwa, ndipo kuti tulo tosadzuka ndi tothamangira nato kuchipatala. Akakhala kuti sadauzidwe, nawonso adzaima chapatali ndi mantha, akuona mkazi amene sakumudziwa.

Ukuti athawa. Mwina athawadi, sindikulonjeza. Mnyamatayo ndamuona ndi wofatsa, amapereka moni ndi manja awiri, koma mtima wa munthu sindingaulumbirire. Akakhumudwa kuti tidamubisira, ali ndi chifukwa, ndipo mlandu umenewo ndi wathu akuluakulu, ndidzauyankha ndine pamaso pa ankhoswe. Akati sangathe, bwerera. Mphasa yako sindinaipinde. Anthu adzalankhula, azakhali ako adzafuula mpaka ku Bua kukamveka, ndipo ine ndidzapita kumsika ndi dengu langa monga mwa masiku onse. Mwana wobwezedwa ku ukwati ndikhoza kumulandira, ndidzamuphikira tiyi. Chimene sindingathe ndi kulandira uthenga wochokera ku Dwangwa woti bwerani, mwana wanu wagona osadzuka, ndipo pansi pa sutikesi tapeza botolo lopanda kanthu lomwe sitikudziwa kuti ndi la chiyani.

Ndiye tipangane chonchi, ndipo si pempho. Botolo ndalichotsa mu mpango muja. Ndaliika pamwamba penipeni pa zovala, pomwe aliyense wotsegula sutikesi alione, pamodzi ndi khadi lako la kuchipatala. Madzulo ano tikaswali magharibi ndikubweretsera kapu ya madzi pamaso pa aliyense amene adzakhalepo, ndipo umwa ndikuona. Kenaka uli ndi usiku uno ndi m'mawa kuti uwauze amuna ako ndi pakamwa pako. Matola akafika ndidzakuyang'ana kumaso, ndipo ukudziwa kuti sunandinamizepo bwino chibadwire. Ndikadzaona kuti sunanene, ndidzanena ndine. Inde, ine, mpongozi, amene ndimapatuka m'njira ndikawaona akubwera, amene sindinadyepo pamaso pawo kapena kuwatchula dzina iwo akumva. Ndidzawaitana pambali pa msewu pomwepo, anthu akuona, dalaivala akuliza hutala, ndidzakwinya dzanja la bulauzi n'kuwaonetsa mkonowu, ndi kuwauza kumene udachokera. Manyazi amenewo adzakhala a tsiku limodzi, ndipo ndawavomera kale.

Ukwiya, ndikudziwa. Kwiya. Ukhoza kukhala osandilembera mpaka Idi, ndipirira. Ndakupatsa mapoto, ndakupatsa mbale zanga zabwino zija, mpunga thumba limodzi ndi usipa woti ukagawireko anansi. Chilichonse chimene ndikadatha kunyamula ndakuikira m'katundu. Koma mkono uwu sukukwera nawo matola, Hawa. Ukutsala kuno ndi ine. Kumene ukupitako pakufunika mkono wina wodziwa kulowa pamoto osayamba wafunsa, ndipo mwini wake sangaulowetse ngati sunamuuze.

Ndakuona, wanyamulanso ndowa. Ndikusiyira pompa, ndikubwera konko.

Ndine mayi ako.